Khansa Yobedwa ya Bambo Khamphong

Sajeni Prayong anali atafufuzapo za njati zoweta zobedwa, njinga zamoto, ngakhale belu la pakachisi limene anyamata ena anakagulitsa kwa ogula zitsulo. Koma zakuti munthu n'kuba khansa anali asanazimvepo chibadwire.

"Mwati chabedwa n'chiyani, adokotala?" anafunsanso uku akulimbana ndi zingwe za nsapato pakhomo la labotale. Kuwerama kunkamuvuta, poti mimba inali itamutsogolera zaka zambiri.

"Khansa, achimwene. Mabotolo atatu. Dzulo madzulo analipo, m'mawa uno kulibe."

Dokotala Lamduan sankalira, koma milomo inali gwa. Prayong ankamudziwa, monga mmene anthu onse a mumzinda wa Khon Kaen ankamudziwira. Anali mwana wa mlimi wa mpunga, wokulira kumbuyo kwa njati, amene anakaphunzira kutsidya kwa nyanja n'kubwerako. Kubwerakoko n'kumene tinkanyadira. A ku Bangkok amati ife a kuchigawo chino cha Isan timangodziwa kuwayendetsera matakisi ndi kuwasinjira mapapaya, ndiye pakapezeka wathu wonga ameneyu, ngakhale wapolisi amakweza mapewa.

Lamduan anatsegula kabati yachitsulo imene inali pakona. Munatuluka kampweya kofunda ngati ka m'khwapa.

"Umu ndi mofungatira. Mumatentha chimodzimodzi thupi la munthu. Mabotolo anali pashelefu iyi, ogona chafufumimba, muli madzi ofiirira. Pansi pa madziwo pamamera maselo a khansa ya m'njira za ndulu."

Dzina la matendawo Prayong sanafune womasulira. Bambo ake enieni anamwalira nawo, maso ali chikasu, mimba itatupa, iye ali kusukulu ya upolisi. Kwathu kuno mudzi uliwonse uli ndi manda a matenda amenewa. Timakonda koi, nsomba yaiwisi yoduladula ya mandimu ndi tsabola, ndipo tinyongolotsi ta m'nsombamo timakamanga mudzi m'chiwindi, n'kudikira zaka makumi.

"Nanga munthu angabe bwanji chinthu choti aliyense akuchithawa?"

"Mafuta awa," Lamduan analoza mimba ya sajeniyo ndi cholembera, "mumayesa angokhala phee ngati katundu? Amalankhula. Amatumiza mthenga m'magazi, homoni ina yotchedwa leptini. Khansa imeneyi ili ndi khutu lomvera mthengayo. Ikangomva, imati kunja kwachita bwino, n'kuyamba kuswana. Ine ndikufuna kutseka khutulo."

"Ndiye mimba yangayi ndi kazitape?"

"Kazitape wamkulu zedi."

"Mkazi wanga asamve zimenezi."

Lamduan sanaseke. Anafotokoza kuti anayesa zotupa za odwala ambiri, koma maselo ake ankangofera m'botolo. Amene anamera ndi a munthu mmodzi yekha, Bambo Khamphong, msodzi wa kumtsinje wa Chi amene anachitidwa opaleshoni chaka chatha. Maselo amenewo anali ndi makutu ambirimbiri, ndipo akawathira mankhwala otseka khutu ankafota maso akuona.

"Ena osungira mulibe?"

"Angochuluka kumene. Sabata ino ndiye ndimati ndiyambe kusunga ena mu chisanu." "Achimwene, kunja kwa kabatiyi angapirire mpaka madzulo, ngati sanazizidwe kapena kuwombedwa ndi dzuwa. Koma wina akangotsegula chivindikiro, basi. Ntchito yonse yathera pomwepo."

Prayong anazungulira chipindacho pang'onopang'ono. Chitseko sichinathyoledwe. Kompyuta inalipo, makina oonera tinthu ting'onoting'ono analipo, ngakhale chikwama cha wina chinali chikadali pampando. Makiyi anali ndi anthu atatu: Lamduan mwini, mlonda, ndi Dokotala Kittiphat, mnzake wa ntchito wochokera ku Bangkok. Sajeni anagwada movutikira pamaso pa kabati ija. Pamng'alu wa chitseko chake panakanirira tinthu tiwiri tonyezimira. Anatitola ndi chikhadabo n'kutiyang'ana pawindo. Anali mamba a nsomba.

Kenako ananunkhiza shelefu.

"Muno mukununkha spiriti. Mwapukuta ndinu?"

"Sindinakhudze chilichonse."

"Ndiye wina wapukuta apolisi asanafike."

Onse awiri anatembenukira pawindo. Panja, pansi pa mtengo wa mango, Dokotala Kittiphat ankayenda uku ndi uku, foni ili kukhutu.

* * *

Kittiphat anali wamtali, woyera manja, wolankhula mwaulemu wochita kutopetsa. Ankapukuta thukuta ndi kampango kopinda bwino.

"Ndikudziwa zimene akunong'onezana m'makonde, bwana wapolisi. Akuti ndimafuna kupita nawo ku Bangkok maselowa. Kunena zoona, ndimawafuna. Ndani sangawafune? Ndinapempha, anandikaniza, ndipo ndinavomera."

"M'mawa uno munali kuti?"

"Ndinakathamanga kuzungulira dziwe, ngati masiku onse. Mayi wogulitsa khofi pachipata cha dziwelo akhoza kundichitira umboni, chifukwa amandiseka miyendo tsiku lililonse. Kenako ndinabwera kuno. Ndinali woyamba kufika."

"Woyamba kufika amakhalanso woyamba kuganiziridwa, adokotala."

"Taonani bokosi ilo." Analoza kudzera pawindo bokosi loyera limene linali pamwamba pa kabati. "Limenelo ndi lonyamulira maselo paulendo. Munthu wodziwa ntchitoyi sangabe mabotolo n'kusiya bokosi. Kungakhale kuba khanda n'kusiya mbereko."

Prayong anavomera mumtima kuti pamenepo mkuluyu wanena zomveka. Koma nkhope sanaisinthe.

"Nanga munapukutiranji kabati?"

Kampango kanaima pachipumi. Kittiphat anayang'ana pansi.

"Munali chakudya."

"Chakudya?"

"Mpunga womata, nthochi, timaluwa. Pashelefu penipeni! Ndinayesa ndi atsikana ophunzira ntchito aja, mwina amakondwerera tsiku lobadwa la mnzawo. Mukudziwa chuku chikalowa m'kabati yofungatira? Zonse zimawonongeka. Ndiye ndinataya msanga n'kupukuta, kuti Dokotala Lamduan asaone n'kuwathamangitsa anawo. Mabotolo ndinkayesa watulutsa yekha. Atakuwa m'pamene ndinazindikira, ndipo ndinachita manyazi kunena."

"Munataya kuti?"

Anapita kuseri kwa nyumbayo. Prayong anapinda manja a malaya, n'kupisa m'bini. Anatulutsa chibuluma cha mpunga womata chosalumidwa, nthochi yakupsa, maluwa oyera awiriawiri, timakandulo tachikasu tiwiritiwiri tosayatsidwa, ndi kaulusi koyera ka thonje. Anaziyala pasimenti n'kuziyang'ana kanthawi. Kenako anapisanso, n'kufufuza mpaka pansi.

"Mukufunanso chiyani?" anafunsa Kittiphat.

"Dzira lowiritsa. Munaliona?"

"Ayi. Dzira la chiyani?"

"Ndiye wapita nalo," anatero Prayong, akuimirira mofulumira kuposa mmene mimba inkamulolera. "Dzira sasiya. Limakadyedwa kunyumba."

* * *

Mlonda, Malume Khen, anali m'kanyumba kake ka pachipata, kawailesi kakuimba pansipansi. Anali nkhalamba yowuma ngati nsomba ya padzuwa, ndipo ankatafuna mpunga ndi mano a mbali imodzi.

"Sindinaone munthu," anatero asanafunsidwe.

"Moni kaye, malume."

"Moni, a Sajeni. Sindinaone munthu. Khalani pansi, koma mpandowo ndi wa boma, muusamale."

Prayong anakhala, mpando n'kulira. Anapisa dzanja m'kadengu ka mpunga ka mkuluyo osapempha, monga timachitira kwathu, n'kuumba kambamu.

"Makiyi a labotale anachoka m'chiuno mwanu?"

"Chiyambire ntchito sanachokepo."

"Chitseko sichinathyoledwe. Madokotala awiri sanatsegule. Chinatseguka chokha?"

"Kaya. Zamakono zimenezi."

"Malume, simunaone munthu, kapena simunayang'ane?"

Khen anasiya kutafuna. Prayong anatambasula chikhatho. Munali mamba awiri aja ndi kaulusi koyera.

Nkhalambayo inazimitsa wailesi, n'kuyang'ana sajeniyo mokwiya ngati mwana wosamva.

"Iwe unabadwira kuti? Ku Bangkok? Mayi wonyamula kaukonde umamufunsa chiphaso?"

Prayong anapumira m'mwamba. Ankayembekeza yankho lomweli. Munthu akadzidzimuka kwambiri, kaya wagwa panjinga yamoto, kaya wang'ambidwa ndi mpeni wa adokotala, khwan wake, kamzimu kamene kamamugwiriziza ku moyo, kamathawa n'kutsalira pamalopo. Mwini wake amabwerera kunyumba chigobagoba, sadya, sagona, amangofota. Ndiye mayi wina amatenga kaukonde kovuulira nsomba, nsalu ya wodwalayo, mpunga, nthochi ndi dzira, n'kupita kukamuvuula khwan uja. Pobwerera salankhula ndi munthu, ndipo wokumana naye amayang'ana kumbali, chifukwa moni mmodzi yekha angathawitsenso chimene wanyamula.

"Amabwera sabata ndi sabata pachipatala pano," Khen anapitiriza. "Pakhomo la angozi, pakhomo la opaleshoni. Amavuula mphepo, amapita. Uyu anafika kukucha, n'kukaima pakhomo la labotale, n'kuloza ndi chibwano. Ndikanatani? Ndinatsegula, n'kuyang'ana khoma. Mmene anatuluka ndinakhoma. Inu mukanatani, a Sajeni a mendulo?"

"Ndikanayang'ana khoma," anavomera Prayong. "Anali ndani?"

"Ndati ndinayang'ana khoma! Nkhope ya khoma ndiye ndingakuuzeni."

"Makutu munayang'anitsanso kukhoma?"

Khen anakanda m'mutu.

"Chodabwitsa n'chimodzi. Enawa amayendayenda, kuvuula uku, kuvuula uko. Uyu ayi. Ndinamva mapazi akulunjika pakona, kenako chitseko cha kabati. Ankadziwa pamene akupita."

Kumbuyo kwawo kunamveka kaphokoso. Lamduan anali ataima pakhomo la kanyumbako, dzanja lili pakamwa.

"Ndinawaonetsa ndine," anatero.

"Ndani?"

"Mayi Buaphan, akazi a Bambo Khamphong. Anabwera mwezi watha kudzatenga mankhwala ochepetsa ululu, poti matenda anabwereranso ndipo bambowo ali kunyumba. Ine ndi kunyada kwanga ndinawakokera m'labotale. Ndinati, 'Amayi, taonani, kanyama ka bambo kali moyo muno. Kakudya bwino, kakuchuluka tsiku ndi tsiku.' Iwo anangoti, 'Kakudya?' Ndinati, 'Kwambiri.' Anati, 'Kunyumba sakudya.' Ine osamva chimene ankatanthauza."

"Simunawauze kuti ndi khansa?"

"Achimwene, dzina limenelo timalitchula pamaso pa wodwala ndi mkazi wake? Ana awo anachita kutigwadira kuti tisalitchule. Timangoti chiwindi chatopa."

Prayong anagwedeza mutu. Kwa bambo ake nakonso palibe analitchula mpaka tsiku la maliro, lotentha mtembo wawo.

"Akafika nawo kunyumba akatani nawo?" anafunsa Lamduan, ngakhale yankho ankalidziwa, poti nayenso ndi mwana wa kumudzi.

"Khwan amalowera paliwombo," anatero Prayong, akutulutsa makiyi a galimoto. "Akatsegula mabotolo n'kuwathira pamutu."

* * *

Kittiphat anatsala akukonza madzi atsopano a maselo, ngati angabwere amoyo. Prayong anayendetsa galimoto ya polisi ngati wakuba, kudutsa minda ya mpunga youma ya m'chilimwe. Chimodzi chokha chinkamulimbitsa mtima. Munthu wosalankhula sayenda msanga. Sangaitane wanjinga, sangauze dalaivala potsikira, ndipo kuchokera pamsewu waukulu kukafika kumtsinje ayenera kuyenda pansi.

Anafika dzuwa litapendeka. Pansi pa nyumba yamilongoti panali patadzaza anthu, atazungulira thireyi ya masamba a nthochi opindidwa mwaluso, yokoleka ulusi woyera. Pabedi lansungwi panagona Bambo Khamphong. Mapewa a msodzi analipo, otambalala, koma mnofu unali utapita, ndipo maso anali achikasu chomwe chija.

Anthu sanawalabadire alendowo. Mwadzidzidzi onse anatembenuza nkhope, wina kuyang'ana denga, wina nkhuku, wina zala zake.

Pamzere wa pakati pa minda pankabwera mayi wamfupi, wopanda nsapato, kaukonde kali paphewa. Dzanja lina anali atalipanikiza pamimba, mkati mwa bulauzi. Ankayenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza ndowa.

Lamduan anadzambatuka kuti athamange. Prayong anamugwira mkono.

"Ndisiyeni! Akatsegula!"

"Mukawalankhula panopa, adokotala, mwapha mwamuna wawo pamaso pa mudzi wonse. Mabotolo mutenga, koma kumtsinje kuno simudzapatsidwanso ngakhale dontho la magazi."

"Ndiye tingoyang'ana?"

"Ayi. Tisayang'ane."

Sajeni wa polisi, yunifomu ili pathupi, wakuba akumudutsa pafupi moti akanatha kumugwira, anatembenuka n'kuyang'ana khola la njati. Lamduan anakukuta mano, misozi ili mbwee, koma nayenso anatembenuka. Prayong sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ulamuliro anaupeza atakula, koma mwambo anayamwira.

Anamva mapazi akudutsa, kenako mphasa ikukhwekhwereza. Atacheuka, Mayi Buaphan anali atagwada pambali pa bedi. Anakupiza kaukonde katatu pamwamba pa mwamuna wawo, n'kutulutsa m'bulauzi kamtolo kokulunga m'nsalu yamandalasi ya bamboyo. Mawu awo oyamba a tsikulo anatuluka osasa.

"Bwera, khwan, bwera. Usakhale kuchipatala kwa eni ake. Usadye za m'botolo. Bwera udye mpunga wa m'munda mwako, ugone pamphasa yako. Bwato lako likukudikira."

"Bwera, khwan, bwera," anthu anavomera.

Anamasula nsalu ija. Mabotolo atatu anaonekera, madzi ake akadali ofiirira. Zala zawo zinagwira chivindikiro choyamba.

Dzanja lachikasu linatsika n'kuphimba zalazo.

"Taima kaye, amake Wan," anatero Bambo Khamphong. Mawu anali ochepa mphamvu koma omveka. "Tili ndi alendo. Mwana wanga dokotala, bwera kuno. Nawenso wapolisi, sendera, ngati malo akukwana."

Ena anaseka mobisa. Lamduan anayenda chogwada mpaka pabedi, n'kuphatikiza manja pamphumi.

"Ndiuze chimene chili umu. Uchitchule dzina lake."

Lamduan anayang'ana Mayi Buaphan, n'kuyang'ana ana awo amene ankamupukusira mitu kumbuyo.

"Usayang'ane amenewo. Ine ndasodza zaka zonsezi, ndimadziwa nsomba ikadali pansi pa madzi. Chipepala chanu cha opaleshoni chija ndinasaina ndikudziwa. Ndimangokhala chete kuti mayi awa asalire, iwonso amakhala chete kuti ine ndisaope. Tatopa nako kubisirana. Tchula."

"Ndi khansa, bambo," anatero Lamduan. "Si inuyo muli m'botolomu. Ndi chimene chikukudyani."

Mayi Buaphan anabweza dzanja ngati agwira mbaula.

"Ndiye ndayenda nayo pamimba tsiku lonse?" ananong'ona. "Ndimaifunditsa ngati khanda?"

Lamduan anakhudza botolo limodzi ndi kuseri kwa chala. Linali lofunda, kufunda kwa thupi la munthu. Anatseka maso.

"Mumatani nayo kumeneko?" anafunsa Khamphong. "Mukuiweta?"

"Tikuiphunzira, bambo. Mafuta a m'thupi amaitumizira mthenga woti idye, ikule. Tapeza khutu limene imamvera. Tikalitseka imasiya kukula, imafota. Mwa odwala onse, yanu yokha ndi imene yalola kugwidwa yamoyo."

"Yanga yokha?"

"Yanu yokha."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. Anayang'ana amuna anzake amene anakhala kumapeto kwa mphasa.

"Mwamva, inu osodza matemba? Madokotala aponya ukonde Isan yense, koma yagwidwa ndi ya Khamphong." Anakhosomola, n'kupuma. "Mankhwala akewo andipeza ine?"

Prayong anayang'ana Lamduan. Akananama palibe akanamudzudzula.

"Ayi, bambo. Sakupezani. Njira ikadali yaitali, ndipo mwina sitifika n'komwe. Koma tikafika, adzapeza awa." Analoza ana amene ankasuzumira pamasitepe.

"Ndi uyu wa mimbayu?"

"Ameneyu ndiye woyamba pamzere."

Ulendo uno anthu anaseka momasuka, ndipo Prayong anaseka nawo, akusisita kazitape wake. Koma Mayi Buaphan sanaseke. Anali atagwira kaukonde kawo, misozi ikugwera pamenepo.

"Ndapita pachabe," anatero. "Ndaba pachabe. Khwan wanu sindinabwere naye."

"Ndani wakuuza?" Khamphong anadzikoka mpaka kutsamira chigongono. "Amake Wan, unayamba wavuulapo nsomba yokhayokha? Muukonde mumabwera zonse, nsomba, nkhanu, zinyalala, nthawi zina njoka. Ukafika pamtunda umasankha. Khwan wabwera, ndamumva akulowa pamene umakupiza. Izi ndi njoka chabe zinakodwa naye limodzi. Ndipatse dzira langa."

Mayiwo anayang'ana mwamuna wawo nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzira m'kadengu, n'kulisenda. Khamphong analuma. Prayong, amene anadwazikapo matenda amenewa, ankadziwa mmene chakudya chimabwerera pakhosi, ndipo anaona mitsempha ya m'khosi mwa mkuluyo ikulimbana nacho. Koma anameza. Analumanso, n'kumezanso, mpaka dzira lonse linatha, maso ali pa mkazi wake.

"Wadya! Wadya!" azimayi anafuula, n'kuyamba kulimbirana ulusi woti amumange pamkono.

Khamphong anasolola ulusi umodzi pathireyi n'kuitana Lamduan. Anamumanga padzanja, mfundo ya msodzi.

"Iwe ndiye ndikukudalitsa, osati izo. Wapolisi! Tenga akaidi ako."

Prayong ananyamula mabotolo aja ndi manja awiri. Mayi Buaphan anamutsatira mpaka pagalimoto, n'kutambasula mikono yawo yonse iwiri.

"Nanga ine, bwana? Unyolo uli kuti?"

"Mlonda akuti sanaone munthu, amayi. Inenso ndimayang'ana njati."

Mayiwo anatsitsa mikono. Anasuzumira mabotolowo, ndipo nkhope yawo inauma. Anatembenukira kwa Lamduan.

"Mwana wanga, wati ukatseka khutu imafota?"

"Imafota, amayi."

"Uifotetse pang'onopang'ono. Imve mmene amamvera mwamuna wanga."

* * *

Bokosi lonyamulira lija anali ataliiwala m'chipwirikiti cha m'mawa, ndipo kunja kunayamba kuwomba kamphepo ka mvula. Lamduan anatenga chiwongolero. Prayong anamasula mabatani a yunifomu, n'kugoneka mabotolo atatu pamimba, n'kuwafunditsa ndi manja njira yonse.

"Mukauze akazi anu kuti lero mimbayi yagwira ntchito ya boma," anatero Lamduan.

Anafika dzuwa likulowa. Kittiphat anali pakhomo, magolovesi ali kale m'manja, ndipo Malume Khen anatsegula chipata asanaimbiridwe hutala. Madokotala awiriwo anapukuta mabotolo, n'kuika limodzi pansi pa makina oonera. Lamduan anasuzumira. Anasuntha botololo uku ndi uku, akuyang'anitsitsa.

"Ena afa," anatero potsiriza. "Koma ambiri agwirabe pansi. Ali moyo."

Kittiphat anakhala pampando n'kuphimba nkhope ndi kampango kake. Lamduan anasendera pambali.

"Bwerani muone, achimwene. Mwawanyamula nokha."

Prayong anawerama, n'kutsinzina diso limodzi. Poyamba anangoona kuwala. Kenako tinaonekera, tinthu totuwa tothithikana ngati miyala ya pabwalo la kachisi, tili duu, tosaoneka ngati tingaphe ndi nkhuku yomwe. Pa ntchito yake anali atayang'anapo m'maso akuba, achiwembu ndi zigawenga, koma amene anapha bambo ake anali asanamuonepo nkhope. Tsopano anali apa, m'botolo lotseka, m'manja mwa mwana wa mlimi wa mpunga, atagwidwa ndi msodzi wa kumtsinje wa Chi.

Anaimirira, n'kumanga mabatani a yunifomu mpaka la pakhosi.

"Adokotala, muyamba liti kumutseka khutu?"

"Akapezako mphamvu. Mwina sabata yamawa."

"Mudzandiitane," anatero Sajeni Prayong. "Wapolisi amene wagwira munthu amakhalapo tsiku la mlandu."